Kasakaniza wa m'dziwe: nsomba ziti zingakhalire pamodzi ku Phalombe?

Mlimi wa ku Phalombe sasowa womuphunzitsa za kasakaniza. M'munda umodzi womwewo mumapezeka chimanga, nandolo, khobwe, maungu, ndi kalongonda m'mphepete, ndipo mwini munda amadziwa bwino mbeu zomwe zimagwirizana ndi zomwe zimaphana. Palibe amene amabzala kalongonda pa phando limodzi ndi chimanga chomwe akudalira, chifukwa amadziwa kuti adzachikulunga n'kuchigwetsa.

Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo akakumba dziwe la nsomba, nzeru zonsezi amazisiya kumunda. Nsomba iliyonse yomwe wapeza, kaya wapatsidwa ndi mnzake, kaya ana atola kumtsinje, kaya wagula kwa munthu wodutsa ndi ndowa panjinga, amangoponya m'madzimo. Pakatha miyezi 6 kapena 8 n'kuphwetsa dziwe lija, amapezamo milamba iwiri itatu yonenepa ndi tinsomba ting'onoting'ono tosakwana ndi ndiwo za sabata imodzi yomwe. Madeya apita, manyowa apita, thukuta lokumba lapita. Basi mlimi n'kumati ulimi wa nsomba ndi bodza la alangizi.

Ulimiwu si bodza ai. Vuto limayambira pa tsiku loika mbeu m'dziwe. Nsomba, monga mbeu za kumunda, zili ndi zinzake zomwe zingakhale nazo, ndipo njira yachidule yodziwira zimenezi ndiyo kuyang'ana komwe zimakhalira limodzi kale popanda munthu kuziika. Kwa ife a ku Phalombe malo amenewo si patali: ndi nyanja ya Chilwa ndi mitsinje yothira m'menemo, monga Phalombe ndi Sombani.

Zomwe Chilwa akutiphunzitsa

Chilwa ndi nyanja yovuta kukhalamo. Ndi yosaya, madzi ake ndi amatope ndiponso amchere pang'ono chifukwa alibe kotulukira, amatentha kwambiri mu Okutobala, ndipo nthawi zina amaphwereratu. Akuluakulu amakumbukira za 1968, ambiri a ife tinaona za 1995, ndipo ngakhale ana a sukulu anaona nyanja itasanduka bwalo mu 2018. Komabe nthawi zonse madzi akabwerera, nsomba zitatu zomwezo ndi zomwe zimadzaza mabwato: matemba, makumba ndi mlamba. Pa nthawi ya chilala zimabisala m'maiwe otsalira a m'mitsinje ndi m'madambo, mvula ikagwa zimaswana n'kudzazanso nyanja. N'chifukwa chake nyanja itauma mu 1995 mafumu ndi makomiti a m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje analetsa kupha nsomba ndi katupe m'maiwe otsalirawo: anali kuteteza mbeu.

Tsono taganizirani dziwe lanu. Nalonso ndi losaya, lamatope, limatentha m'chilimwe, ndipo ambiri mwa maiwe a m'chigwa cha Phalombe amachepa madzi kapena kuphwa mvula isanabwere. Dziwe la mlimi wa kuno ndi kamwana ka Chilwa. Nsomba yomwe yapirira m'nyanja imeneyi kwa mibadwomibadwo ndi yomwe ingapirirenso kwa inu, tsiku lomwe mwasowa madeya kapena ngalande yatsekeka.

Nzeru imeneyi amaitsatanso anthu a kumaiko akunja omwe amaweta nsomba zokongoletsa m'nyumba m'mabokosi a magalasi. Odziwa bwino pakati pao sasakaniza mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay ku Salima, ndi nsomba za mu mtsinje wa Amazon ku South America, chifukwa madzi omwe zimafuna ndi osiyana. Bokosi limodzi, nsomba za dera limodzi. Ngati munthu woweta nsomba zongoyang'ana amasamala chonchi, nanga bwanji ife amene tikuwetera ndiwo ndi fizi ya ana?

Aliyense ndi mbale yake

Kuchokera dera limodzi sikokwanira. Funso lachiwiri n'lakuti: kodi nsombazi zidzalimbirana chakudya, kapena iliyonse ili ndi mbale yake? Dziwe lili ngati munda wa zigawo zitatu. Pamwamba ndi m'mbali muli masamba ndi udzu, pakati pa madzi pali tizomera ndi tizilombo tosaoneka bwino ndi maso tomwe timabiriwiritsa madzi, ndipo pansi pali matope okhala ndi nyongolotsi, mphutsi ndi zotsalira. Kasakaniza wabwino ndi amene gawo lililonse lili ndi wodya wake.

Makumba, omwe akatswiri amawatcha Oreochromis shiranus, ndiwo chimanga cha m'dziwe. Amadya tizomera ta m'madzi obiriwira, amatola zotsalira pansi, ndipo madeya amawalandira bwino. Amapirira madzi amatope ndi otentha. Vuto lao ndi limodzi: amayamba kuswana akadali ang'ono. Nsomba yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo nthawi yonseyi siidya mokwanira, motero siikula. Ana akachuluka, chakudya chimachepa ndipo dziwe lonse limapinimbira.

Chilunguni, chomwe ambiri tinachidziwa ndi dzina loti Tilapia rendalli, ndi mbuzi ya m'madzi. Chimadya masamba: kholowa, chigwada, mnkhwani, chisoso, masamba a kabichi otsala kudimba, ngakhale nsenjere yanthete yodulidwadulidwa. Sichilimbirana mbale ndi makumba, ndipo ndowe zake zimathira manyowa m'madzi, n'kuchulukitsa tizomera tomwe makumba amadya. Kugwirizana kwake kuli ngati kwa chimanga ndi nandolo. Chilunguni sichifungatira m'kamwa. Chimakumba chisa pansi pamalo osaya, n'kuikira mazira, ndipo tate ndi mai amalondera limodzi. Pa nthawi imeneyi chimakhala chaukali kwa zinzake zoyandikira chisacho, choncho musachichulukitse kuposa makumba. Komanso mlimi amene alibe dimba kapena masamba okwanira tsiku ndi tsiku asayembekezere zambiri kwa chilunguni. Chikasowa masamba chimazula udzu wonse wa m'mbali mwa dziwe n'kusiya khoma lamaliseche.

Matemba ambiri timawanyoza kuti si nsomba yoweta, koma ofufuza a ku Domasi anawayesa m'maiwe pamodzi ndi makumba ndi chilunguni m'zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe bungwe la ICLARM, lomwe tsopano ndi WorldFish, linkagwira ntchito ndi dipatimenti ya za nsomba kumeneko. Ubwino wa matemba ngwoonekeratu. Amadya tizilombo ting'onoting'ono ta pakati pa madzi ndi tinyenyeswa ta madeya tomwe nsomba zazikulu zasiya, amakhwima msanga, ndipo amadyedwa athunthu, mutu ndi minga yomwe, zomwe zimalimbitsa mafupa a ana ndi amai oyembekezera. Pamsika wa Migowi kapena Chiringa palibe amene amafunsa kuti temba ndi lalikulu bwanji. Amagula pa mulu. Kwa mlimi amene dziwe lake limasunga madzi miyezi 5 kapena 6 yokha, imeneyi ndi mfundo yaikulu.

Mlamba: mlonda kapena mbala?

Pa nsomba zonse za kuno, yofunika kuiganizira mofatsa ndi mlamba. Mlamba umakhala pansi, umadya chilichonse: nyongolotsi, nkhono, ana a achule, matumbo a nkhuku, madeya, ndiponso nsomba iliyonse yokwana m'kamwa mwake, ngakhale mlamba unzake. Uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja kwa madzi, motero umakhala ndi moyo m'matope momwe nsomba zina zonse zafa, ndipo usiku wa mvula umatha kukwawa pa udzu wonyowa kuchoka dziwe lina kupita lina.

Khalidwe lomweli ndi lomwe limaupangitsa kukhala wothandiza kapena woononga. Tanena kuti vuto la makumba ndi kuswana mopyola muyeso. Milamba yowerengeka, yoikidwa pa nthawi yake, imadya ana ochulukawo ndi ana a achule, n'kusiya chakudya kwa nsomba zomwe mukufuna kuti zikule. Apo mlamba ndi mlonda. Koma mukauika tsiku limodzi ndi mbeu ya makumba, kapena mukaika waukulu kale, udzayamba ndi mbeu yomwe mwagula ndi ndalama zanu. Apo mwalemba fisi ntchito yolondera mbuzi.

Malamulo ake ndi awa. Choyamba, lowetsani mlamba patatha miyezi 2 kapena 3 chiikireni makumba ndi chilunguni, pamene nsombazo zakula kufika pa zala zitatu m'lifupi ndipo mwayamba kuona timagulu ta ana m'mbali mwa dziwe. Chachiwiri, mlamba wolowawo ukhale waung'ono, wosaposa chala cha mkombaphala, ndipo yonse ikhale yofanana msinkhu kuti isadyane. Chachitatu, musapyole mlamba umodzi pa nsomba 10 zilizonse. Chachinai, pokolola phwetsani dziwe lonse ndi kufufuza m'matope mpaka milamba yonse yomwe munaika itapezeka. Mlamba umodzi wotsalira m'matope ungathe kumaliza mbeu yonse ya chaka chamawa. Dziwe liume mpaka matope atang'aluka, muwazemo laimu kapena phulusa, ndiye muthirenso madzi.

Ndipo chachisanu, chomwe ambiri amalakwitsa: mlamba ndi matemba asakhale m'dziwe limodzi. N'zoona kuti m'nyanja ya Chilwa zimakhala limodzi, koma kumeneko temba lili ndi mabango ndi njedza zothawiramo pa mtunda wautali. M'dziwe la mamita 10 kwa 20 lilibe kolowera. Sankhani chimodzi. Chimodzimodzinso, dziwe lomwe mukufuna kuswetseramo mbeu yogulitsa kwa anzanu lisaone mlamba ndi umodzi womwe.

Ganiziraninso za msika musanasankhe. Mlamba wowamba umayenda malonda ndipo umasungika, koma pali mabanja ndi mipingo ina yomwe sadya nsomba yopanda mamba. Dziwani anthu omwe mudzawagulitse.

Chiwerengero chake

Titenge dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, lozama mita imodzi kumtunda ndi mita imodzi ndi theka kumunsi. Limeneli ndi la masikweya mita 200. Mlimi wodalira manyowa, madeya ndi masamba asapyole nsomba 3 pa sikweya mita iliyonse, kutanthauza nsomba 600 dziwe lonse. Amene manyowa ndi madeya ndi osowa aike 2, kutanthauza 400. Kuthithikiza nsomba zambiri sikuchulukitsa zokolola, monganso kubzala njere zisanu pa phando sikudzaza nkhokwe.

Kwa mlimi wa m'munsi mwa phiri la Mulanje kapena Michesi, amene ali ndi madzi oyenda chaka chonse ndi dimba pafupi, ndikulangiza makumba 400 ndi chilunguni 200, kenaka milamba 30 mpaka 60 pakatha miyezi ija. Madzi ochokera kuphiri amakhala ozizira ndiponso oyera, opanda chakudya. Musawalole kumangodutsa m'dziwe usana ndi usiku, chifukwa amatsuka manyowa onse n'kuziziritsa nsomba. Thirani ongobwezera omwe aphwa, basi.

Kwa mlimi wa m'chigwa, pa dothi lamakande lomwe limagwira madzi m'dzinja koma n'kung'aluka m'chilimwe, ndi bwino makumba 400 ndi matemba, popanda mlamba. Ikani mbeu madzi akangokhazikika, yambani kutapa matemba ndi kaukonde pakatha miyezi 3, ndipo kololani zonse madzi asanafike m'maondo.

Amene akufuna nsomba zazikulu zogulitsa imodziimodzi angapemphe mlangizi wa za nsomba kuti awaonetse kusiyanitsa makumba aamuna ndi aakazi, n'kuweta aamuna okhaokha. Amakula msanga chifukwa sataya mphamvu pa mazira.

Pa kadyetsedwe, nsomba 600 zolemera magalamu 20 iliyonse ndi makilogalamu 12 pamodzi, ndipo zimafuna madeya pafupifupi magalamu 600 pa tsiku, theka m'mawa dzuwa litakwera, theka masana. Zikafika magalamu 50 iliyonse, madeya akwere kufika pafupifupi magalamu 900. Manyowa a nkhuku, a mbuzi kapena a nkhumba aikidwe m'kakhola ka nsungwi pa ngodya ya dziwe. Poyesa ngati akwana, pisani mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, onjezani manyowa. Chikasowa mkono usanafike pakati, kapena mukaona nsomba zikupumira pamwamba m'mamawa, lekani manyowa ndipo thirani madzi atsopano. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba, nsomba sizidya kwambiri. Chepetsani madeya kuti asaolere pansi.

Alendo oyenera kuwabweza pakhomo

Nthawi ndi nthawi kumamveka mbiri ya nsomba yakunja yokula msanga, ndipo mlimi amene watopa ndi makumba opinimbira amakopeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko lino linayesapo kale. Nsomba ya carp inabwera kuno m'zaka za m'ma 1970 ndipo alimi ena a m'chigawo cha kumwera anaikonda, koma boma linailetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 poopa kuti ikafika m'nyanja ya Malawi idzavundula matope ndi kuononga malo oswanirana nsomba zathu. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kulowetsa kapena kumwaza nsomba zachilendo popanda chilolezo. Nile tilapia, yomwe ikuwetedwa kwambiri ku Zambia, nayonso ndi yoopsa mwa njira yake: ndi mbale wa makumba ndi chambo, motero imakwerana nazo n'kusokoneza mtundu, ndipo mtundu ukasokonezeka palibe sefa yousefera. A ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anaona okha zomwe nsomba ya Nile perch, yoikidwa m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, inachita pofika m'ma 1980: mitundu yambirimbiri ya nsomba zazing'ono za m'nyanjamo inasowa.

Pali inanso yomwe ndi bwino muidziwe isanafike. Dzina lake ndi pleco, ya ku mitsinje ya ku South America. Ili ndi thupi lolimba ngati yavala zigoba, minga yakuthwa, ndi kamwa loyang'ana pansi lomwe imamatira nalo pa miyala. Oweta nsomba zokongoletsa amaigula kuti izinyambita ndere pa magalasi, koma ikakula n'kuwatopetsa ena amakaitaya kumtsinje. Mwa njira imeneyi yadzaza mtsinje wa Marikina ku Philippines, damu la Infiernillo ku Mexico komwe asodzi a tilapia anasauka nayo, ndi mitsinje ya ku Florida ndi Texas ku America. Kuno ku Africa yapezeka kale mu mtsinje wa Nseleni ku KwaZulu-Natal, South Africa. Imang'amba maukonde, ili ndi mnofu wochepa, ndipo poswana imakumba mauna aatali m'magombe. Kwa mlimi wa nsomba zimenezi zikutanthauza khoma la dziwe lobooka. Wina akadzakuuzani kuti ali ndi nsomba yotsuka dziwe, mukaneni. Ndere ya m'dziwe si litsiro, ndi chakudya cha makumba. Tisaiwale kuti namasupuni, yemwe wavutitsa mtsinje wa Shire ndi makina a magetsi ku Nkula, nayenso anachokera ku South America ngati duwa lokongola.

Wina anganene kuti dziwe ndi langa, ndipo zomwe ndaikamo sizikhudza munthu. Ku Phalombe mau amenewa sangaime. Napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa kuti madzi a kuno akakwiya sadziwa malire a munda wa munthu. Dziwe likasefukira, zonse zili m'menemo zimatsata mtsinje, ndipo mitsinje yathu imathera mu Chilwa, nyanja yopanda kotulukira. Chomwe mwaika m'dziwe lanu lero, mawa chili mu ukonde wa msodzi wa ku Mpoto kapena ku Chisi.

Kopeza mbeu ndi kalowetsedwe kake

Mbeu yabwino imachokera kwa mlimi wodziwika amene alangizi a za nsomba a pa boma akumudziwa, kapena ku malo a boma a ulimi wa nsomba ku Domasi m'boma la Zomba. Funsani mtundu wake, ndipo ngati n'kotheka onani makolo ake. Nsomba yaing'ono si kuti ndi mwana nthawi zonse. Ina ndi nkhalamba yopinimbira, ndipo mudzaizindikira ndi maso akuluakulu pa kathupi kochepa. Mbeu yotola kumtsinje imabwera ndi tinsomba tina tofanana ndi makumba koma tosakula, monga makwale, komanso ana a mlamba osawerengeka. Pa chifukwa chomwechi, ikani sefa ya waya kapena ya nsungwi polowera madzi ndi potulukira.

Kuyambira mu 2020, pamene matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka koyamba m'dziko muno m'boma la Mchinji, kusamutsa nsomba mwachisawawa kwakhala koopsa koposa kale. Matendawa amayenda ndi nsomba zodwala, madzi osefukira, ndi maukonde obwerekana, ndipo amakula nyengo yozizira. Musagule mbeu ya timadontho tofiira kapena zilonda pathupi. Ukonde wobwereka uyanikeni padzuwa mpaka uume gwaa musanauviike m'dziwe lanu. Mukaona nsomba za zilonda, uzani mlangizi msanga ndipo musapatse mnzanu mbeu ya m'dziwe limenelo.

Nyamulani mbeu m'mamawa kusanatenthe, m'ndowa zosadzaza kwambiri, ndipo nsombazo zikhale kuti sizinadye dzulo lake. Pewani kuzisamutsa m'miyezi yozizira. Mukafika musazikhuthule ngati mukutaya madzi otsukira mbale. Imikani ndowa m'dziwe kwa mphindi 15 kapena 20, muzithiramo madzi a m'dziwe pang'onopang'ono, kenaka ipendekeni kuti zituluke zokha. Lembani m'kope tsiku, mtundu ndi chiwerengero cha nsomba zomwe mwaika, makamaka milamba, kuti pokolola mudzadziwe zomwe mukufunafuna.

Alimi anzanga, nyanja ya Chilwa imatsekedwa ku makoka m'dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo zaka zomwe yaphwa ndiwo za nsomba zimasowa m'misika yonse ya kuno. Nthawi zimenezo ndi zomwe mwini dziwe amapeza ndalama yabwino. Koma phindu limenelo limakonzedwa pa tsiku loika mbeu. Musanalandire nsomba iliyonse dzifunseni mafunso atatu: kodi ndi ya kwathu kuno, kodi idzadya chiyani chomwe zinzake sizidya, ndipo kodi siidzadya zinzakezo? Ngati yankho la limodzi mwa mafunsowa silikumveka bwino, pitani kaye kwa mlangizi wa za nsomba wa m'dera lanu. Paja safunsa anadya phula.